Musanagule purosesa ya magemu muno mu Lusaka, tsatani njira izi

Muphwa wanga wa ku Kabwata anafika kwathu Loweruka lina masana, ndipo asanakhale n'komwe pansi anali atandionetsa kale chithunzi pafoni: purosesa ya Intel Core i9-14900K. "Amalume, ndakhala ndikusunga ndalama kuyambira chaka chatha. Ndikufuna iyi, anzanga akuti ndiye kutha kwa nkhani." Ndinamufunsa kuti azisewerera pa chiyani. Anati pa TV ya kuchipinda kwake, imene ndikuidziwa bwino chifukwa ndinamupatsa ndine, ya 60Hz. Nanga magemu ake? EA Sports FC, GTA V, ndipo anzake akamunyengerera amalowako Fortnite. Titawerengera ndalama zake tinapeza kuti akagula i9 ija pamodzi ndi motherboard (bolodi lalikulu limene zonse zimalumikizidwapo) ndi cooler (choziziritsa) zoyenerana nayo, zotsala sizikwana ngakhale graphics card ya salaula.

Ndamangira makompyuta abale, anzanga ndi anzawo a anzangawo, ndipo zoterezi ndaziona kambirimbiri. Munthu amayambira pa purosesa chifukwa ndiyo ili ndi dzina lotchuka, kenako zina zonse amazigula ndi chenji. Zimene ndinachita naye tsiku lija ndazilemba pano motsatana kwake.

Choyamba: lembani magemu anu atatu ndi mtundu wa monita yanu

Tengani pepala. Lembani magemu amene mumayatsadi mukaweruka, ajawa mumangoonerera pa YouTube asiyeni. Pansi pake lembani zinthu ziwiri za monita yanu: resolution yake, ndiko kuti kuchuluka kwa timadontho (ma pixel) topanga chithunzi, kaya ndi 1080p, 1440p kapena 4K, ndi ma Hz ake, ndiko kuti imasintha chithunzi kangati pa sekondi, kaya 60, 75, 144 kapena kuposa.

M'kati mwa gemu mumagwira antchito awiri, ngati pa nyumba imene ikumangidwa ku Chalala. Purosesa ndi daka boy. Imawerengera kumene osewera mpira onse 22 akuthamangira, pamene mpirawo ugwere, kumene galimoto za mu Los Santos zikhotere, amene chipolopolo chamupeza, n'kupereka zonsezo kwa graphics card. Graphics card ndiye mmisiri woyala njerwa, ndiyo imajambula zimene mukuona pa sikirini. Chithunzi chilichonse, chimene osewera amati frame, chimafuna onse awiri, ndipo khoma limakwera pa liwiro la amene akuchedwa. Mmisiri akakhala wochedwa, ngakhale mulembe ma daka boy atatu, simenti ingoumira mu wilibala. Anyamata a makompyuta zimenezi amazitcha bottleneck.

Mukakweza resolution mwakulitsa khoma la mmisiri, pomwe ntchito ya daka boy sinasinthe kwenikweni. Chithunzi cha 4K chili ndi ma pixel ochuluka ka 4 kuposa cha 1080p, ndipo onsewo amajambulidwa ndi graphics card. N'chifukwa chake pa 1440p ndi 4K purosesa yapakatikati ndi yodula zimathamanga pafupifupi mofanana m'magemu ambiri, zonse zikudikira mmisiri.

Pamene purosesa imaonetsa mphamvu zake ndi pa magemu a mpikisano ngati Counter-Strike 2, Valorant ndi Fortnite, makamaka mukatsitsa zokongoletsa zonse pa 1080p kuti mupeze ma frame ochuluka. Magemu oyerekeza dziko lalikulu, monga Microsoft Flight Simulator ndi Cities: Skylines, nawonso amaitopetsa. Koma ma frame ochulukawo pafunika monita yoti iwaonetse. Ya 60Hz imasintha chithunzi ka 60 pa sekondi, ndipo kompyuta ikatulutsa 200 mouse ingamvekeko yopepuka pang'ono m'dzanja, koma maso aona 60 omwewo. Muphwa wanga atamva zimenezi anayang'ana pansi kanthawi, ndinadziwa kuti zalowa.

Chachiwiri: ngati muli kale ndi kompyuta, yezani musanataye chilichonse

Ikani MSI Afterburner, ndi yaulere, ndipo imabwera ndi RivaTuner imene imaonetsa manambala pakona ya sikirini mukusewera. Yatsani kuti izionetsa FPS, ndiko kuti ma frame pa sekondi, ndi mmene GPU, imene ndi graphics card ija, ikugwirira ntchito. GPU ikamakhala pa 95 mpaka 99 peresenti, mmisiri ndiye watanganidwa, ndipo purosesa yatsopano sikuthandizani kwenikweni. Ikamangokhala pa 60 kapena 70 pomwe FPS ili pansi, pali chimene chikuichedwetsa, ndipo nthawi zambiri ndi purosesa. Onani kaye kuti V-Sync, imene imaletsa FPS kupitirira ma Hz a monita, ndi malire a FPS m'gemumo n'zozimitsa, chifukwa nazonso zimachititsa zomwezo.

Nambala ya CPU, ndiko kuti purosesa, imene Task Manager ya Windows imaonetsa musaikhulupirire yokha. Gemu ikhoza kulemetsa core imodzi (ma core ndi timainjini ta m'kati mwa purosesa) mpaka kumapeto, enawo akungopuma, Task Manager n'kumakuuzani kuti 30 peresenti. Njira imene ndimaikonda ine ndi iyi: tsitsani resolution kufika pa 720p n'kuima pamalo omwewo m'gemu. FPS ikakwera kwambiri, vuto linali graphics card. Ikakhala pomwepo, ndi purosesa, kapena RAM, memory ya kompyuta, yoikidwa kamtengo kamodzi m'malo mwa tiwiri.

Chachitatu: phunzirani kuwerenga dzina lonse

Apa ndi pamene anthu ambiri amabedwa mtauni, choncho ndichedwapo. Mukadutsa m'mashopu a m'mbali mwa Cairo Road kapena Cha Cha Cha Road, kapena mukatsegula Facebook Marketplace, mupeza zolembedwa kuti "Core i7 gaming PC". Wogulitsa amakulandirani bwino: "Ba boss, iyi ni i7, ithamanga maningi." Funsani kuti i7 yake iti. Dzina lakuti i7 lakhalapo kuyambira 2008, ndipo limangokuuzani malo a purosesayo pakati pa anzake a chaka chomwecho. Msinkhu wake uli pa manambala otsatira. Pa Intel, chotsani manambala atatu omaliza, chotsala ndiwo m'badwo wake. i7-3770 ndi ya m'badwo wa 3, ya 2012. i5-6500 ndi ya m'badwo wa 6. i5-12400F ndi ya m'badwo wa 12, ya 2022. Ka i3-12100F, kamene anthu amakanyoza chifukwa cha dzina, kali ndi ma core 4 ndi ma thread 8 (ntchito zimene imatha kugwira nthawi imodzi) ngati i7-3770 yomweyo, koma m'magemu kamaisiya kutali zedi chifukwa pakati pawo padutsa zaka 10 za luso.

Mnzanga wina wa ku Matero anagula "i7" yotere m'kashopu kena mtauni, bokosi lowala magetsi ofiira ndi obiriwira, m'kati muli zotsalira za kompyuta ya mu ofesi. Makina akale a mu ofesi ngati Dell OptiPlex kapena HP si oipa ngati mwagula mukudziwa ndipo mtengo wake ndi wa makina akale. Koma dziwani kuti Windows 11 imalandira Intel kuyambira m'badwo wa 8 ndi Ryzen za AMD kuyambira gulu la Ryzen 2000, ndipo Microsoft inasiya kusamalira Windows 10 pa 14 Okutobala 2025. Pa Windows 11, Valorant imafunanso TPM 2.0 ndi Secure Boot, zomwe ndi zachitetezo cha kompyuta. Chenjezo lomweli ndi la ma Xeon, mapurosesa akale a Intel amene amabwera kuchokera ku China atamangidwa kale pa motherboard ya X99. Ma core ndi ambiri, mtengo ndi wokopa, koma core iliyonse ndi yofooka, ndipo gemu imasamala liwiro la core kuposa kuchuluka kwake.

Zilembo za kumapeto nazo zili ndi tanthauzo. Pa Intel, F akutanthauza kuti m'kati mulibe graphics, popanda graphics card sikirini ikhala yakuda. K akutanthauza kuti mukhoza kuikweza liwiro, koma pafunika motherboard ya Z ndipo m'bokosi mwake mulibe cooler. Pa AMD, G akutanthauza kuti muli graphics zoti n'kusewererapo, X ndi yothamangako pang'ono kuposa mnzake wopanda X, pomwe X3D ndiyo inapangidwira magemu. Ma Ryzen 5000 opanda G, monga 5600, alibe graphics m'kati ngakhale alibe chilembo cha F. Ambiri amapunthwa pamenepa, amafika kunyumba n'kumadabwa kuti kompyuta ikuyaka koma sikuonetsa.

Samalaninso ndi Ryzen 5 5500 ndi 5600. Mayina ayandikana, ma core ndi 6 zonse, koma 5500 ili ndi L3 cache (kankhokwe ka m'kati mwa purosesa) ya 16MB pomwe 5600 ili ndi 32MB, ndipo m'magemu kusiyanako kumaoneka. Ngati mitengo yasiyana pang'ono, tengani 5600.

Chachinayi: ma core, ma GHz ndi cache

Ma core 6 ndi ma thread 12 a m'badwo watsopano akukwanira magemu ambiri a lero. Ma core 8 amapatsa mpata wopumira, makamaka ngati mumachita stream kapena mumasiya Discord ndi Chrome zili zotsegula. Kupitirira apo mukulipira mphamvu imene gemu siigwiritsa ntchito. Ma Ryzen 9 ndi ma i9 amathandiza munthu wokonza mavidiyo a maukwati ndi ma kitchen party, kapena wojambula mapulani a nyumba mu 3D. Ngati ntchito yanu ndi imeneyo, nkhani yasintha, chifukwa purosesayo izibweza ndalama zake.

Ma GHz, muyeso wa liwiro la purosesa, amathandiza poyerekeza mapurosesa a banja limodzi ndi m'badwo umodzi basi. Kuyerekeza 4.0GHz ya 2014 ndi 4.0GHz ya 2023 kuli ngati kuyerekeza anthu awiri oponya mapazi mofanana, wina wamfupi wina wamtali.

Cache ndi kankhokwe kakang'ono kamene kali m'kati mwa purosesa momwemo. Zimene gemu ikufuna zikapezeka mmenemo, purosesa sipita kukazitenga ku RAM, kumene ndi kutali, ngati kukagula mchere pa kantemba ka pageti m'malo mokwera basi kupita ku Soweto Market. AMD inaonetsa mphamvu ya nkhokweyi mu 2022 ndi Ryzen 7 5800X3D. Inali ndi L3 cache ya 96MB, ma GHz ake anali ocheperako kuposa a 5800X wamba, komabe m'magemu ambiri inapambana. Zinatsatira 7800X3D mu 2023 ndi 9800X3D mu Novembala 2024. Phindu la X3D limaonekanso pa zimene oyesa amati 1% lows, ndiko kuti ma frame a nthawi imene gemu yalemera kwambiri. Nambala imeneyi ndiyo imakuuzani ngati gemu izidukiza pamene adani akuchulukirani. Kwa ine gemu yokhazikika pa 90 imakoma kuposa imene ikuonetsa 130 kenako n'kugwera pa 40.

Chachisanu: werengerani mtengo wa banja lonse

Purosesa simaigula yokha. Imabwera ndi achibale ake, ngati ukwati wa kwathu kum'mawa: motherboard, RAM ndi cooler. Pa pepala lanu lija, purosesa iliyonse imene mukuiganizira ilembeni pamodzi ndi atatuwa, n'kuphatikiza mtengo.

Soketi ndi malo okhazikapo purosesa pa motherboard, ndipo ya AM4 ya AMD inayamba mu 2016 ndipo imagwiritsa ntchito RAM ya DDR4. Ndi yakale, koma chifukwa cha ukale womwewo ma motherboard a B450 ndi B550 ndi ma RAM ake amapezeka mosavuta, atsopano ndi ogwiritsidwa kale ntchito. AM5 inabwera mu Seputembala 2022, imalandira DDR5 yokha, ndipo AMD inalonjeza kuti ipitiriza kuitulutsira mapurosesa mpaka 2027 kapena kupitirira. Kumbali ya Intel, LGA1700 imanyamula mibadwo ya 12, 13 ndi 14, ndipo inathera pomwepo. Ma motherboard ake alipo a DDR4 ndi a DDR5, koma imodzi silandira zonse ziwiri, choncho werengani bokosi musanagule RAM. Core Ultra 200S za 2024 zili pa soketi inanso, LGA1851, ya DDR5 yokha. Chakumapeto kwa 2025 mitengo ya RAM inakwera koopsa padziko lonse, choncho funsani mtengo wa RAM wa sabata yomweyo musanasankhe soketi. Ngati muli kale ndi DDR4 ya 16GB kapena 32GB m'kompyuta yakale, imeneyo ndi ndalama ili m'manja.

Ryzen 5 5600, Ryzen 5 7600 ndi i5-12400F zikagulidwa m'bokosi lake zimabwera ndi cooler. Ma X3D ndi ma K alibe. Zimene amati tray, zobwera m'kapulasitiki kopanda bokosi, kawirikawiri zilibe cooler ndipo waranti yake ndi ya wogulitsa yekha.

Funsaninso za BIOS, kapulogalamu ka m'kati mwa motherboard kamene kamazindikira purosesa poyatsa kompyuta. B450 yakale ikhoza kukana Ryzen 5000 mpaka BIOS yake itakwezedwa, chimodzimodzi B650 ndi Ryzen 9000, kapena B660 ndi Intel ya m'badwo wa 13 ndi 14. Uzani wogulitsa aikweze musanachoke nayo, kapena sankhani motherboard yokhala ndi batani la BIOS Flashback, limene limagwira ntchito ndi flash yokha popanda purosesa.

Chachisanu ndi chimodzi: gawani mtengo ndi ma frame

Pezani zotsatira za oyesa odalirika, monga Hardware Unboxed, Gamers Nexus kapena TechPowerUp, pa magemu anu atatu aja. Powerenga, yang'anani graphics card imene ayesera. Amagwiritsa ntchito zamphamvu zedi, ngati RTX 4090, pa 1080p, n'cholinga choti mmisiri asachedwetse aliyense ndipo kusiyana kwa mapurosesa kuonekere. Ndi njira yoyenera yoyesera, koma inu kunyumba muli ndi RX 6600 kapena RTX 3060, ndipo mpata waukulu umene mukuuona pa tchati chawo kwa inu uchepa, mwinanso kutheratu.

Tiyerekeze ndi manambala ongophunzitsira. Banja loyamba, purosesa ndi achibale ake, ndi K6,000 ndipo pa tchati likupereka 120 FPS. Lachiwiri ndi K12,000 ndipo likupereka 150. Loyamba frame iliyonse mwaigula K50, lachiwiri K80. Koma yang'anani ma frame 30 owonjezerawo paokha: mwawalipira K6,000, ndiye kuti K200 iliyonse. Tsopano pezaninso tchati cha graphics card yanu pa gemu yomweyo. Ngati iyo imathera pa 100 FPS, mabanja onse awiri akupatsani 100, ndipo K6,000 ija yangopita. Ikanaikidwa pa graphics card ikanaoneka m'gemu iliyonse.

Lamulo langa, limene si la m'buku, ndi lakuti graphics card idye ndalama zowirikiza kawiri za purosesa kapena kuposa. Mukaona kuti ziwirizi zafanana mtengo pa kompyuta ya magemu, bwererani pa pepala.

Maganizo anga pa zimene zili pamsika ndi awa. Thumba likakhala lopyapyala, Ryzen 5 5600 pa B550 kapena i5-12400F pa motherboard ya DDR4 ndizo ndimalozera anthu, ndipo pakati pa ziwirizi tengani imene banja lake latsika mtengo tsiku limenelo, mkangano wa AMD ndi Intel usiyireni a m'magulu a WhatsApp. Amene alibiretu ndalama ya graphics card angayambe ndi Ryzen 5 5600G, imene imayendetsa Valorant ndi GTA V pa zokongoletsa zotsika, n'kudzawonjezera card ndalama zikapezeka. Amene akumanga zonse zatsopano ndipo akufuna kudzasintha purosesa yokha patsogolo, Ryzen 5 7600, 7500F kapena 9600X pa B650 ndi poyambira pabwino. Amene ali kale pa AM4 ndi Ryzen 5 2600 kapena 3600 asathamangire kusintha zonse, akweze BIOS n'kuika 5600, kapena 5700X3D ngati aipeza. Ndipo 7800X3D ndi 9800X3D, zimene zinatuluka pa madola 449 ndi 479, n'zoyenera munthu amene ali ndi graphics card ya msinkhu wa RTX 4070 kupita m'mwamba ndi monita ya 144Hz kapena 240Hz. Kwa munthu wotereyo sindikana, ndi zabwinodi.

Chachisanu ndi chiwiri: ganizirani magetsi ndi kutentha kwa kuno

Oyesa a ku America ndi ku Australia izi sazitchula kwenikweni, koma ife tinakhala mu 2024, chaka cha chilala, madzi atachepa ku Kariba, magetsi akuzima mbali yaikulu ya tsiku. Ambiri tinagula ma inveta ndi ma sola, ndipo tinaphunzira kuwerenga ma watt ngati mmene timawerengera mayuniti. Ryzen 5 5600, 7600 ndi i5-12400F zili m'gulu la 65W, ngakhale zimapitirirako zikapanikizidwa. i9-14900K yololedwa kufika 253W, ndipo pamenepo graphics card sinawerengedwe. M'gemu sifika pamenepo nthawi zonse, komabe imadya kwambiri kuposa 7800X3D, imene imathamanga mofanana nayo kapena kuiposa m'magemu ambiri. Pa batire la inveta, kusiyana kotere ndi maola a masewera.

Magetsi onse amene purosesa yadya amasanduka kutentha. Mwezi wa Okutobala, kunja kukupitirira madigiri 30, chipinda cha malata chopanda siling'i, purosesa yolusa imafuna cooler yaikulu yodula, apo ayi imadzitsitsa liwiro yokha kuti isapse, ndipo mphamvu imene munalipira simuiona. Onjezani fumbi la Ogasiti ndi Seputembala limene limatseka mafani. Purosesa yodya pang'ono imapirira zonsezi ndi cooler wamba.

Pa ndalama zimene mwapulumutsa, patulani za UPS, bokosi la batire losunga kompyuta yoyaka magetsi akazima, ndi power supply ya dzina lodziwika. Magetsi akamabwerera ndi pamene zinthu zimapsa. Pogula UPS yang'anani ma watt, chifukwa nambala ya VA imanyenga: ya 650VA nthawi zambiri imanyamula pafupifupi 360W mpaka 390W, zomwe zingachepe pa kompyuta ya magemu ndi monita yake. Ntchito yake ndi kukupatsani mphindi zoti muzimitse bwino, musayembekeze kumaliza nayo ligi.

Pali nkhani inanso ya Intel ya m'badwo wa 13 ndi 14. Mu 2024 kampaniyo inavomereza kuti mapurosesa ena a mibadwoyi, makamaka ma i7 ndi i9, ankalandira voteji yopitirira ndipo ankawonongeka pang'onopang'ono, magemu n'kumadzitsekera. Inatulutsa zokonza kudzera mu BIOS ndi kuwonjezera waranti ndi zaka 2, koma imene inawonongeka kale sichira ndi BIOS yatsopano. Yatsopano ya m'bokosi, BIOS yokwezedwa, mukhoza kugula. Yogwiritsidwa kale ntchito, yopanda risiti, ine sindiikhudza. M'badwo wa 12 ulibe vutoli.

Chachisanu ndi chitatu: pogula penipeni

Funsani mitengo m'mashopu atatu kapena kuposa, a mtauni ndi a m'ma mall ngati Manda Hill kapena East Park, ndipo tchulani dzina lonse la purosesa. Mukangoti "i5 ni zingati?" mwadziulula nokha. Ngati mukuitanitsa kuchokera ku Johannesburg, Dubai kapena China, onjezani mtengo wonyamulira, VAT ya 16 peresenti ndi zina zimene a ZRA angawerengere, komanso mtengo wa dola tsiku limenelo. Dzifunseni kuti ikafika yakufa muibweza bwanji. Nthawi zina kuwonjezera pang'ono pa shopu ya kuno yopereka risiti ndi waranti yolembedwa kumaposa kutchipa kwa kunja.

Purosesa yogwiritsidwa kale ntchito si yoopsa, mapurosesa safa wamba. Koma osatumiza ndalama pa Airtel Money kapena MoMo musanaione ikugwira ntchito. Kumanani pamene pali kompyuta yoyaka, tsegulani pulogalamu ya CPU-Z muone ngati dzina limene ikuonetsa likufanana ndi lolembedwa pachitsulo chake, chifukwa alipo amene amafufuta n'kulembapo dzina lina. Yendetsani Cinebench, pulogalamu yopanikiza purosesa, mphindi 10 mukuyang'ana kutentha pa HWiNFO. Ya AM4 itembenuzeni n'kuipendeketsa pa kuwala, timapini take tonse tiime chilili, pasakhale kopindika kapena kothyoka. Pa Intel ndi AM5 timapiniti tili mu soketi ya motherboard, ndipo ndi tosachedwa kupindika, choncho motherboard ya salaula iyang'aneni ndi tochi ya foni. Wogulitsa akayamba zakuti "ba boss nili busy, tengani chabe muzayesa kunyumba", nyamukani.

Chomaliza: mukamanga, tsegulani zimene munalipira

RAM gulani timitengo tiwiri, 2 za 8GB kapena 2 za 16GB, ndipo pa motherboard ya mipata 4 nthawi zambiri timalowa pa wachiwiri ndi wachinayi kuchokera pa purosesa, koma tsimikizani m'kabuku kake. Lowani mu BIOS muyatse XMP, kapena EXPO pa AM5, kupanda kutero RAM yanu ya 3200 ikhoza kumangoyenda pa 2133. Musaiwale kumatula kapulasitiki ka pansi pa cooler musanapake thermal paste, kaphala kokhala pakati pa purosesa ndi cooler, ndaonapo anthu akuluakulu atakaiwala. Chingwe cha monita chilowe pa graphics card, pansi apo, osati pa mabowo a motherboard. Mukusewera, madigiri 60 mpaka 80 ndi abwinobwino, ndipo ma Ryzen 7000 opanda X3D anapangidwa kuti azifika 95 akapanikizidwa, musachite nawo mantha.

Muphwa wanga anatsiriza ndi Ryzen 5 5600, B550, DDR4 ya 16GB ndi RX 6600, ndipo ndalama zinatsala zogulira monita ya 144Hz ndi UPS. Patapita masiku atatu anandiimbira mawu ali ozizira: "Amalume, manambala akuonetsa 140, koma sindikuona kusiyana ndi TV ija." Ndinamuuza atsegule Settings, apite pa Display, kenako Advanced display, andiwerengere zimene zalembedwa pa refresh rate. Anati 60Hz. Windows inali itasiya monita yatsopanoyo pa 60 chiigulireni. Anasintha n'kuika 144, ndinamva mouse ikukhwekhwereza patebulo, kenako foni inaduka osatsazika.